Mtsinje wa Lunyangwa Pamaso pa Lamulo: Ufulu ndi Udindo wa Nzika za Mzinda wa Mzuzu

Mzinda wa Mzuzu, womwe ndi likulu la chigawo cha kumpoto, umamwa madzi a mumtsinje wa Lunyangwa, ndipo mtsinje womwewo ndi umene umalandira dothi, zinyalala ndi nyansi zimene mvula imakokolola m'misewu, m'misika ndi m'makomo a mzindawu. Mtsinjewu umayambira m'mapiri a nkhalango ya Kaning'ina kum'mawa kwa mzinda, madzi ake amasungidwa m'damu la Lunyangwa lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la Northern Region Water Board, kenaka umadutsa m'mbali mwa malokeshoni n'kulowera cha ku Ekwendeni mpaka kukathira mu Kasitu, amene nayenso amathira mu South Rukuru, mtsinje umene umakalowa m'nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi. Mzuzu anayamba ngati kamudzi ka antchito a pa esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, anakwezedwa kukhala mzinda mu 1985, ndipo chiwerengero cha anthu ake chinakwera kuchoka pa anthu pafupifupi 87,000 pa kalembera wa 1998 kufika pa 221,272 pa kalembera wa 2018, pamene mtsinje wowamwetsa unakhalabe umodzi womwewo.

Boma lakhala likukhazikitsa malamulo, mabungwe ndi ntchito zosiyanasiyana pofuna kuletsa kuwonongeka kwa mitsinje ndi kubwezeretsa chilengedwe, koma zambiri mwa zimenezi sizipindula kwenikweni ngati munthu wamba sadziwa chimene lamulo lamupatsa ndi chimene lamulamula kuchita. Mfundo yaikulu ya malamulo a masiku ano ndi yakuti mtsinje ulibe mwini mmodzi, ndipo pa chifukwa chimenechi nzika iliyonse ili ndi mphamvu youlankhulira komanso ili ndi mlandu ikauwononga.

Mmene mtsinje umawonongekera

Mtsinje sumayambira pamene madzi amaonekera, koma pa dera lonse limene mvula ikagwa madzi ake amatsetserekera ku mtsinjewo, ndipo dera limeneli ndi limene akatswiri amalitcha chigwa cha mtsinje kapena dera lotolera madzi. Pamene phiri lili ndi mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mombo, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, zinyalala za masamba ogwa pansi zimachedwetsa madzi, ndipo mizu imatsegula njira zoti madziwo alowe pansi, kumene amasungika n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe m'miyezi ya chilimwe. Mitengo ikadulidwa, madzi a mvula amathamanga pamwamba pa nthaka atasenza dothi, mtsinje umadzaza msanga n'kusefukira m'nyengo ya dzinja, kenaka umaphwa msanga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chifukwa pansi sipanasungike kanthu. Dothi lokokolokalo likafika m'damu limadikha pansi n'kumachepetsa malo osungira madzi chaka ndi chaka, ndipo madzi amatope amafuna mankhwala ambiri owayeretsera komanso amatseka msanga masefa, kotero kuti mtengo wodulidwa ku Kaning'ina umadzaonekera pa bilu ya madzi ya banja la ku Katoto kapena ku Chibavi.

Mkati mwa mzinda mavuto ake ndi a mtundu wina. M'chilimwe anthu amalima madimba a mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi mpaka pa mlomo penipeni pa mtsinje, atasadza bango ndi nsenjere zimene mizu yake imagwira gombe, ndipo mvula yoyamba ikabwera mizere yofewayo imagumukira m'madzi pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala ophera mbozi. Okumba mchenga amalowa ndi mafosholo pakati pa mtsinje, amaunjika mchenga m'mbali kudikira matipa, ndipo pansi pa mtsinje pakazama magombe amakhala opanda chowachirikiza n'kuyamba kugwa, zomwe zimafooketsanso milatho ndi makalavati. Oumba njerwa amakumba dothi m'madambo n'kusiya maenje odikha madzi oswanirana udzudzu, pamene mauvuni awo amadya nkhuni zochuluka. M'malo otsika ngati Salisbury Lines, kumene madzi a pansi ali pafupi kwambiri, chimbudzi chokumba chimadzaza madzi m'dzinja, ndipo nyansi zake zimasakanikirana ndi madzi a m'zitsime ndi m'timitsinje tomwe timakathira mu Lunyangwa. Mvula yamphamvu ya mu Epulo 2016, yomwe inagwetsa nyumba ndi kupha anthu mumzindawu makamaka m'malokeshoni omangidwa m'malo otsetsereka ndi m'madambo monga Masasa, inaonetsa poyera kuti kuwonongeka kwa chigwa cha mtsinje ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Maziko a ufulu wokhala m'malo aukhondo

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, omwe ndi gwero la malamulo ena onse, amanena mu gawo 13 kuti boma liyenera kusamala chilengedwe mwanzeru ndi zolinga zinayi, zomwe ndi kuletsa kuwonongeka kwake, kupereka malo abwino okhalamo ndi ogwiriramo ntchito, kulemekeza ufulu wa mibadwo yam'tsogolo, ndi kuteteza mitundu yosiyanasiyana ya zomera ndi zinyama. Gawo limeneli lili m'gulu la mfundo zotsogolera boma, kutanthauza kuti limalozera boma njira yoyenera kutsata ndipo makhothi amaloledwa kuliganizira potanthauzira malamulo, koma palokha silipatsa munthu chida champhamvu chosumira nacho wowononga mtsinje.

Chida chimenecho chili m'lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lodziwika m'mabuku a boma kuti Environment Management Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 1996 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2019. Gawo 4 la lamuloli limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osaika thanzi lake pachiswe, ndipo m'mawu omwewo limamusenzetsa udindo woteteza ndi kutukula chilengedwe. Chachilendo kwambiri m'gawoli n'chakuti munthu wokasuma sakakamizidwa kuonetsa kuti iyeyo payekha wapwetekeka kapena wataya katundu, malinga ngati dandaulo lake lili ndi mutu ndipo silongofuna kutayitsa nthawi bwalo. Kale milandu yambiri ya mtundu umenewu inkathera pakhomo, chifukwa bwalo linkayamba lafunsa ngati wodandaula ali ndi gawo pa nkhaniyo, koma tsopano mphunzitsi wa ku Luwinga angathe kusumira kampani yothira zoipa mumtsinje ngakhale nyumba yake ili kutali ndi pamene zoipazo zikuthiridwa. Wodandaula angapemphe bwalo kuti liimitse ntchito yowonongayo, likakamize ofesala wa boma kuchita zimene lamulo limamutuma, lilamule wowononga kukonza malowo, kapenanso lipereke chipukutamisozi kwa amene avutika.

Lamuloli limatsamira pa mfundo ziwiri zimene nzika iyenera kuzimvetsa. Yoyamba ndi yakuti wowononga ndiye alipire, kutanthauza kuti ndalama zokonzera mtsinje woipitsidwa zichoke m'thumba mwa amene wauipitsa osati m'misonkho ya anthu onse. Yachiwiri ndi mfundo ya kusamaliratu, yomwe imati ngati pali chiopsezo chachikulu, akuluakulu sayenera kudikira umboni wonse wa sayansi asanachitepo kanthu. Ufulu umenewu si wa m'Malawi mokha, popeza Pangano la Africa la Ufulu wa Anthu la 1981, lomwe dziko lino linavomereza, limautchula mu gawo 24, ndipo msonkhano waukulu wa United Nations unauvomereza mu Julayi 2022 ngati ufulu wa anthu onse a padziko lapansi.

Mwini wake wa madzi ndi magombe

Lamulo la madzi la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1969, limaika madzi onse a m'dziko muno, a m'mitsinje, a m'nyanja, a m'madambo ngakhalenso a pansi pa nthaka, m'manja mwa boma kuti liwasunge m'malo mwa anthu onse. Izi zikutanthauza kuti munthu amene ali ndi puloti kapena munda umene mtsinje ukudutsamo sakhala mwini wa mtsinjewo, ndipo alibe mphamvu youtseka, kuupatutsa kapena kuusandutsa dzala. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo ndi kuyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi, ndipo bungweli ndi losiyana ndi mabungwe asanu ogulitsa madzi a m'mipopi omwe amagwira ntchito pansi pa lamulo la 1995, kuphatikizapo Northern Region Water Board, amene nawonso amayenera kutenga chilolezo chopopera madzi monga wina aliyense.

Munthu wotunga madzi akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira pakhomo pake safunika chilolezo, chifukwa lamulo limalemekeza zosowa za pakhomo kuposa ntchito zina zonse. Chilolezo chimafunika pamene munthu akufuna kupopa madzi ochuluka a ulimi wamthirira kapena a fakitale, kumanga damu, kapena kuthira mumtsinje madzi otsalira pa ntchito za mafakitale, magalaja, malo ophera ziweto ndi matanki a suweji, ndipo chilolezo chotere chimabwera ndi muyeso wa ukhondo umene madziwo ayenera kufikapo asanatayidwe. Makampani okumba mijigo nawonso amayenera kukhala ovomerezeka ndi bungwe la National Water Resources Authority, popeza mijigo yokumbidwa mwachisawawa pafupi ndi zimbudzi kapena moyandikana kwambiri imaipitsa ndi kuphwetsa madzi a pansi.

Malamulo ang'onoang'ono a 2018 otsatira lamulo la madzili amasiya mpata wotetezedwa m'mbali zonse ziwiri za mtsinje, umene munthu saloledwa kulimamo, kumangamo, kudulamo mitengo kapena kukumbamo popanda chilolezo. Mpata umenewu uli ndi ntchito zitatu, pakuti mizu ya udzu ndi mitengo imagwira gombe, zomera zimasefa dothi ndi feteleza madzi asanalowe mumtsinje, ndipo malowo amalandira madzi osefukira kuti asafike m'nyumba za anthu. Wogula puloti yoyandikana ndi mtsinje kapena dambo ayenera kufunsa ku nthambi yoona za mapulani ku khonsolo ya mzinda asanapereke ndalama, chifukwa kalata ya buloko lida kapena umboni wa mfumu sizisandutsa gombe la mtsinje kukhala malo omangapo nyumba. Lamulo la madzi limalolanso kukhazikitsa makomiti oyang'anira zigwa za mitsinje ndi magulu a anthu ogwiritsa ntchito madzi, kuti okhala kumtunda ndi okhala kumunsi azikambirana za mtsinje wawo pamodzi.

Nkhalango, makala, mchenga ndi njerwa

Nkhalango ya Kaning'ina ndi yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, lomwe limaletsa kudula mitengo, kutsegula minda, kumanga nyumba, kudyetsa ziweto ndi kuyatsa moto m'nkhalango za boma popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Nkhalango. Kuwotcha makala si mlandu pakokha, koma kumafuna laisensi yomwe imaperekedwa kwa munthu amene waonetsa kuti mitengo yake ikuchokera m'nkhalango yodzalidwa ndi yosamalidwa mwa dongosolo, monga momwe kampani ya Kawandama Hills Plantation ya ku Viphya imapangira makala ovomerezeka kuchokera ku mitengo ya bulugamu. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli n'kukhwimitsa zilango, kotero kuti chindapusa chinakwera, zaka za kundende zinachuluka, ndipo makhothi akhala akulamula kuti galimoto zogwidwa ndi makala osaloledwa zilandidwe n'kukhala za boma. Mlandu sugwera wowotcha yekha, komanso wonyamula ndi wogulitsa, ndipo thumba lililonse lokwera pa njinga kulowa mumzinda m'mamawa lili ndi wogula amene akulidikira.

Lamulo lomweli lili ndi mbali imene anthu ambiri saidziwa, yomwe imapatsa midzi yozungulira nkhalango mwayi wopindula nayo movomerezeka. Mudzi ungathe kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, kupatula nkhalango ya mudzi, kapena kuchita pangano ndi Dipatimenti ya Nkhalango losamalira limodzi chigawo cha nkhalango ya boma, ndipo pansi pa pangano lotere anthu amaloledwa kutola nkhuni zouma, kuzula bowa, kutchola masuku ndi kupachika ming'oma ya njuchi, iwo n'kumalambula njira zotchinga moto ndi kulondera nkhalangoyo.

Mchenga, miyala ndi dothi loumbira njerwa zimawerengedwa ngati za m'migodi pansi pa lamulo la migodi, lomwe linalembedwanso mu 2019 ndi mu 2023, choncho wokumba kuti agulitse amayenera kukhala ndi chilolezo ndi kukumba pamalo povomerezeka. Pofuna kuchepetsa nkhuni zothera m'mauvuni, malamulo a zomangamanga a 2018 analetsa kugwiritsa ntchito njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo analimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zotsindira pa makina.

Zinyalala, mapulasitiki ndi ntchito zikuluzikulu

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu udindo wotola ndi kutaya zinyalala, kusamala ngalande, kuyang'anira ukhondo wa m'misika ndi kupanga malamulo a mzinda okhala ndi zilango zake, pamene lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti aliyense womanga ayambe walandira chilolezo. Nzika yolipira msonkho wa mzinda kapena chiphaso cha pamsika ili ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti bini yodzaza ichotsedwe, koma ilibe chifukwa chokhuthulira zinyalala mu ngalande usiku poyembekeza kuti mvula izitenga, popeza kumene mvula imazitengera ndi ku mtsinje. Kuopsa kwa madzi oipitsidwa kunaoneka pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unafika m'zigawo zonse zitatu.

Majumbo opyapyala, amene amatseka makalavati ndi kukodwa m'mabango, analetsedwa ndi malamulo a 2015 okhudza mapulasitiki osafika mamaikironi 60, maikironi kukhala muyeso wa kuchindikala wofanana ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Makampani opanga majumbowa anatsutsa chiletsochi kukhothi, Khothi Lalikulu la Apilo linagamula mokomera boma mu Julayi 2019, komabe ziletso zina za makhothi zinapitiriza kuchedwetsa ntchitoyi kwa zaka zingapo, zomwe zikuonetsa kuti lamulo lolembedwa bwino limafunabe anthu olitsatira mpaka ligwire ntchito.

Ntchito zikuluzikulu monga madamu, misewu, mafakitale, migodi ndi malo otayira zinyalala siziyenera kuyamba popanda kafukufuku woona mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo lipoti la kafukufukuyo limavomerezedwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lodziwika mwachidule kuti MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Pa nthawi ya kafukufukuyu anthu okhudzidwa ali ndi ufulu wouzidwa za ntchitoyo momveka, wofunsa mafunso ndi wopereka maganizo awo, ndipo n'kwanzeru kuonetsetsa kuti nkhawa zawo zalembedwa mu maminitsi a msonkhano, chifukwa zolembedwazo ndi zimene zidzakhale umboni ngati mwini ntchito adzaphwanya malonjezo ake.

Zimene boma lachita ndi malire ake

Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko yobwezeretsa nkhalango ndi malo owonongeka, mogwirizana ndi lonjezo limene linapereka ku mayiko anzake loti lidzakonza mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo chaka chomwecho linatulutsa ndondomeko ya makala ya zaka khumi yofuna kuchulukitsa njira zina zophikira monga gasi, magetsi, mabriketi ndi mbaula zosawononga nkhuni ngati chitetezo mbaula. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo imakhala nyengo yodzala mitengo, ndipo ku Mzuzu bungwe la madzi, khonsolo, sukulu, mipingo ndi Yunivesite ya Mzuzu, yomwe imaphunzitsa za nkhalango ndi za madzi, akhala akutengapo mbali. Kum'mwera, ntchito yosamala chigwa cha mtsinje wa Shire yomwe inayamba mu 2012 ndi thandizo la World Bank inatsatiridwa mu 2020 ndi ina yokonza zigwa za mitsinje, pamene ku Dzalanyama, gwero la madzi a mzinda wa Lilongwe, asilikali anatumizidwa mu 2015 kukalondera nkhalango. Namondwe wa Freddy atapha anthu mazanamazana mu Malichi 2023, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe limalimbikitsa kupewa ngozi osati kungopereka thandizo zitachitika. Pofuna kuwonjezera madzi a Mzuzu, pakhala ntchito yokweza khoma la damu la Lunyangwa komanso mapulani omanga damu lina pa mtsinje wa Lambilambi ku Chikangawa, ngakhale kuti damu lililonse, lakale kapena latsopano, limadalira nkhalango ya kumtunda kwake.

Ntchito zimenezi zili ndi malire amene sayenera kubisidwa. Mitengo yambiri yodzalidwa pa miyambo ya akuluakulu imafa chaka chisanathe chifukwa chosowa woipalira ndi woiteteza ku moto wolusa ndi mbuzi, choncho akatswiri a nkhalango amalimbikitsanso kusamala ziphukira za zitsa za mitengo yachilengedwe, zomwe zili kale ndi mizu yozama ndipo sizifuna ndalama zambiri. Udindo wa mtsinje umodzi uli m'manja mwa maofesi angapo, a madzi, a nkhalango, a malo, a migodi, a ulimi ndi khonsolo, ndipo pamene maofesiwa sakulumikizana wodandaula amangotumizidwa uku ndi uku. Chachikulu koposa n'chakuti mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo wowotcha makala, wokumba mchenga ndi mayi wa dimba nthawi zambiri ndi anthu amene alibe njira ina yopezera chakudya, kotero kuti chilango chopanda njira ina yopezera ndalama chimangosuntha vuto kuchoka pa phiri lina kupita pa lina.

Njira zodandaulira

Munthu amene waona mtsinje ukuwonongedwa amayamba ndi kusonkhanitsa umboni, polemba tsiku, nthawi ndi malo, kujambula zithunzi pa foni ngati kutero sikumuika pangozi, ndi kupeza anzake amene aona zomwezo. Nkhani zing'onozing'ono, monga kutaya zinyalala kapena kulima pa gombe, zimatha kuthera kwa buloko lida, ku komiti ya chitukuko ya wodi kapena kwa khansala. Zikakanika pamenepo, dandaulo lipite molemba ku ofesi yoyenera, yomwe ndi khonsolo pa nkhani za zinyalala, zomanga ndi mchenga, Dipatimenti ya Nkhalango kapena polisi pa nkhani za mitengo ndi makala, National Water Resources Authority pa nkhani zopatutsa kapena kuipitsa madzi, ndi MEPA pa nkhani za mafakitale ndi ntchito zoyamba popanda kafukufuku. Wodandaula asunge kope la kalata yake lodindidwa tsiku limene inalandiridwa, pakuti dandaulo la pakamwa limaiwalika mosavuta. MEPA ili ndi mphamvu yolamula kuti ntchito iime kapena kuti malo owonongeka akonzedwe, ndipo ingathe kulanda chilolezo kwa amene waphwanya mfundo zake.

Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko, pamodzi ndi lamulo lopezera uthenga lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limalola nzika kupempha zikalata monga zilolezo zoperekedwa, malipoti a kafukufuku ndi zotsatira za kuyeza madzi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti lamulolo likutsatidwa. Ofesi ya boma ikanyalanyaza dandaulo kapena ikachita zinthu mokondera, nkhani ingapite kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo kwaulere, ndipo pakakhala fungo la ziphuphu pa kaperekedwe ka mapuloti kapena zilolezo, malo ake ndi ku Anti-Corruption Bureau. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limakhazikitsa bwalo lapadera la milandu ya zachilengedwe, komabe Khothi Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ku Mzuzu, lili ndi mphamvu yomva mlandu uliwonse, ndipo osowa ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Lamulo silipatsa gulu la anthu mphamvu yomenya woganiziridwa, kuwotcha njinga yake kapena kugwetsa nyumba yake, ndipo ochita zimenezi amasanduka opalamula iwo eni.

Ufulu wa woimbidwa mlandu ndi udindo wa pakhomo

Kuteteza mtsinje sikufafaniza ufulu wa amene wapezeka kumbali yolakwika ya lamulo. Munthu wogwidwa ndi makala ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva, ndi kutengeredwa kukhothi pasanathe maola 48 monga likunenera gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko, ndipo katundu wolandidwa amayenera kulembedwa ndi kusungidwa motsata lamulo, osati kugawidwa pamsewu. Banja limene lauzidwa kuti lichoke pa gombe kapena m'dambo lili ndi ufulu, pansi pa gawo 43 la malamulo omwewo, wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi wopatsidwa zifukwa molemba, ndipo amene anapeza malo ake movomerezeka sangalandidwe malowo popanda chidziwitso chokwanira ndi chipukutamisozi choyenera. Kusiyana kwa wokhala pamalo movomerezeka ndi wolowerera n'kofunika kwambiri pa nkhani ya chipukutamisozi, ndipo n'chifukwa chake kufufuza puloti isanagulidwe kumapulumutsa banja ku mavuto aakulu.

Udindo wa nzika umaonekera m'zinthu zimene banja lingathe kuchita popanda kudikira pulojekiti. Mwini dimba angasiye mpata pakati pa mizere yake ndi madzi n'kudzalamo vetiva, nsungwi kapena mitengo yokonda madzi monga katope ndi mikuyu. Womanga nyumba angafunse mwini tipa kumene mchenga wachokera, mwini nyumba za lendi angaitane opopa zimbudzi ovomerezeka m'malo motsegulira nyansi mu ngalande mvula ikamagwa, ndipo banja lingakwirire zinyalala zowola kuti zikhale manyowa n'kupatula mapulasitiki. Pamwamba pa zonsezi pali udindo wopita ku misonkhano ya wodi, kufunsa khansala ndi phungu za ndalama zimene bajeti yapatula pa ukhondo ndi nkhalango, ndi kutsatira dandaulo lililonse mpaka litayankhidwa. Alonda a nkhalango ndi oyendera a MEPA ndi ochepa poyerekeza ndi kutalika kwa mtsinje ndi kukula kwa mzinda, ndipo lamulo la 2017 linatsegulira nzika iliyonse khomo la khothi pozindikira kuti anthu okhala m'mbali mwa madzi ndiwo amayamba kuona cholakwika, choncho mphamvu ya malamulo onsewa ku Mzuzu idzayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu amene akuwadziwa, kuwatsata pakhomo pawo ndi kukakamiza maofesi a boma kuwagwiritsa ntchito mosakondera.